Ka ❌ kofiira pa dzina la munthu: zokambirana pa gulu la WhatsApp la kalabu ya alimi ku Kasungu

Msungichuma: Mwaswera bwanji nonse. Nawu mndandanda wa zopereka za lole yokatenga feteleza ku boma, K15,000 aliyense. Tsiku lomaliza ndi Lachisanu.
Wapampando ✅
Mlembi ✅
Make Tadala ✅
Aphunzitsi ✅
aPhiri a ku Chinkhoma ❌
Nangozo ✅
Bambo a Yamikani ❌
Achimwene a ku Joni ✅
Enanu mayina anu nditumiza madzulo, kope lina ndalisiya kunyumba.

aPhiri a ku Chinkhoma: Mwanawe, chofiira chili pa dzina langachi n'chiyani? Mwandichotsa m'kalabu?

Msungichuma: Ayi bambo, palibe wakuchotsani. Kakungosonyeza kuti ndalama yanu sinafike.

aPhiri a ku Chinkhoma: Nanga lero ndi Lachisanu? Kwathu kuno ndi Lachiwiri. Ndinakuuza pamaso potuluka m'tchalitchi kuti mtedza ndikagulitsa Lachinayi. Iwe wandikhwatcha tsiku lisanakwane. Mkamwini wanga ali pa gulu lomwe lino, waona apongozi ake atakhwatchidwa.

Bambo a Yamikani: Inenso ndakaona koma ndangoti bola tili awiri kkkk

Make Tadala: Inu musaseke. aPhiri akunena zoona. Kamene kaja kamabaya m'maso. Ukangotsegula gulu, usanawerenge n'komwe dzina, diso lathamangira kale pofiirapo. Ine ndinayamba ndaona amene sanapereke, amene apereka ndawaona pambuyo.

Msungichuma: Ndiye ntchito yake imeneyo mayi. Ndikufuna anthu aone msanga. Mwini lole wanena kuti popanda theka la ndalama pofika Loweruka apita kukanyamula soya wa ena ku Santhe.

Aphunzitsi: Ndiloleni ndilankhulepo, poti ine ndi amene ndakalamba ndi bolopeni yofiira m'manja. Kukhwatcha ndi chiweruzo. Mwana akalemba kuti 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi 54, ndimakhwatcha chifukwa samuyo yatha, yankho laperekedwa, ndipo ndi lolakwika. Koma mwana amene akulembabe, belu lisanalire, sindingamulande kope n'kumukhwatcha. aPhiri belu lawo ndi Lachisanu. Vuto la mndandandawu lili pamenepo. Kachizindikiro kanena kuti "walephera", pomwe msungichuma amafuna kunena kuti "sanafikebe". Ndi nkhani ziwiri zosiyana.
Ndiponso m'kalasi timakhwatcha yankho, dzina la mwana pamwamba pa pepala sitilikhudza. Apa kakhala moyang'anizana ndi dzina.

Wa mafoni pa msika: Aphunzitsi mwalasa. Ndipo kumene kanachokera kameneka ntchito yake ndi yomwe mwanenayo. Tizithunzi ta pa foni iti tinayambira ku Japan. M'chaka cha 1999 munthu wina dzina lake Shigetaka Kurita anajambula tizithunzi 176 ta kampani ya mafoni ya NTT DoCoMo, makampani ena a kumeneko nawonso n'kukhala ndi tawo. Kenako bungwe la Unicode, lomwe limagwirizanitsa zilembo zonse za pa foni ndi pa kompyuta, linatilowetsa m'kaundula wake kuti foni iliyonse izitha kutiwerenga. Ka ❌ kanalowa m'chaka cha 2010.
Tsono ku Japan kali ndi mnzake, ndi aka ⭕. Kumeneko mphunzitsi akapeza yankho lolondola sachonga ngati kuno, amazunguliza bwalo lofiira. Bwalo ndiye kuti wakhoza, ❌ ndiye kuti walakwa. Ngakhale aka 🙅 kamene atsikana amakonda kutumiza, taonetsetsani manja ake, apingasa kupanga ❌ yemweyo. Ndipo aka 🙆 manja apanga bwalo pamutu, kutanthauza kuti zili bwino.

Make Tadala: Aaa! Ine kameneka 🙆 ndimakatumiza pa zovuta, ndimayesa munthu wagwira m'mutu ndi mantha

Bambo a Yamikani: Tonse mayi kkkk mitengo ya feteleza ikakwera timatumiza komweko

Wa mafoni pa msika: Kuno kasanduka ka "mayo ine", palibe angatiletse. Koma eni ake akutanthauza kuti zatheka.

aPhiri a ku Chinkhoma: Kaya ku Japan kaya kuti, ine chimene ndikudziwa ndi ichi. Chizindikiro chimenechi ndachiona pa makoma a magolosale a m'mbali mwa msewu, cholembedwa ndi penti yofiira. Nyumba ikalembedwa chimenecho mwini wake amayamba kuzula malata, podziwa kuti igwetsedwa. Ndiye lero ndichione pa dzina langa, ndiziti zikomo?

Mlembi: Pepani bambo. Tikonza.

Nangozo: Poti nkhani yake yayambika, pali china chimene ndakhala ndikufuna kunena koma ndimasowa poyambira. Mwezi wathawu pa gulu la mpingo kunabwera uthenga wa maliro a gogo wina wa ku Chamama. Anthu anayamba kuyika 😢 ndi 🙏. Mayi wina wachikulire, munthu wopemphera kwambiri, anayika ❌ pansi pa uthengawo. Ana a malemu anakhumudwa, wina mpaka analemba kuti "mayi mukukana kuti amayi athu amwalira, kapena mukuti chiyani?" Atawaimbira foni anapeza kuti iwo ankayesa ndi mtanda. Anafunafuna mtanda pa foni, magalasi anali atawaiwala, n'kuona kofiirako, n'kudina. Mpaka anayenda wapansi kukapepesa kusiwa.

Aphunzitsi: Zomvetsa chisoni. Mtima unali wabwino.

Wa mafoni pa msika: Mtanda wa tchalitchi ulipo wakewake, ndi uwu ✝️. Pa mafoni ambiri umaoneka woyera m'kabokosi kofiirira ngati maluwa a jakaranda. Kungoti uli kutali, umafunika kutsika mpaka ku gawo la zizindikiro. Njira yachidule, pamene pali kagalasi kofufuzira lembani cross, ibweretsa yonse, inu n'kusankha woimirira. Ndipo mukadina kolakwika pansi pa uthenga wa munthu, kadineninso komweko, pabwera mawu oti muchotse. Sikamamatira mpaka kalekale ayi.

Nangozo: Enanso amakatchula kuti "ka Red Cross". Si komweko. Chizindikiro cha a Red Cross ndi mtanda woongoka, mbali zonse zinayi zofanana, wofiira pa nsalu yoyera. Anachikhazikitsa ku Geneva m'chaka cha 1864, ndipo ndi mbendera ya dziko la Switzerland yotembenuza mitundu, poti yawo ndi mtanda woyera pofiira. Chimenecho chimati "kuno kuli thandizo, musaombere". Ndi chotetezedwa ndi malamulo, munthu sungangochimata pa golosale kapena pa galimoto yako. Amene munaona zithunzi za ku Blantyre ndi ku Mulanje nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 mukukumbukira majekete aja. Tsono wina kulemba kuti "tikufuna thandizo ❌" akuyesa wayika cha a Red Cross, wowerenga amva kuti thandizolo silikufunika.

Achimwene a ku Joni: Moni kumudzi. Ndangotuluka ku ntchito ndapeza mauthenga ambirimbiri, ndimayesa kwagwa zovuta kkkk. Koma ndikutsutseniko pang'ono aphunzitsi. Si konse kumene chizindikirochi chimatanthauza kulakwa. Kuno ku South Africa pa chisankho munthu amalemba X m'kabokosi ka chipani chimene AKUCHIFUNA. Zikwangwani za nthawi ya kampeni zimakhala ndi nkhope ya munthu, pambali pake X wamkulu. Nditangofika kumene ndinkadabwa kuti bwanji anthuwa akudzikhwatcha okha pa zikwangwani zawo zomwe. Ku UK nakonso amavota ndi X. Kwathu tinazolowera kumva a MEC akuti chongani kapena dindani chala.

Aphunzitsi: Simunanditsutse achimwene, mwandithandiza. Ndiye kuti kachizindikiro pakokha sikalankhula, kamadalira pamene kaikidwa ndi amene akukaona. Ku Sweden ndiye zinatembenuka, m'masukulu mwawo kuchonga ndi kumene kumasonyeza yankho lolakwika. Mwana wa kuno atalandira kope lotero angathamange nalo kunyumba akusekerera.

Wa mafoni pa msika: Ngakhale pa PlayStation. Anyamata amene amasewera mpira m'mashedi a gemu pa msika amadziwa kuti batani la X ndi lovomereza. Koma ku Japan kwa zaka zambiri lovomereza linali la bwalo, la X linali lobwerera m'mbuyo. Anadzazifananitsa pa PlayStation 5 mu 2020.

Make Tadala: Inu za magemu zisiyeni, aPhiri akadali okhwatchidwa

Msungichuma: Ndilankhuleko nanenso, chifukwa zikuoneka ngati ine ndi woipa pano. Chaka chatha mndandanda ndinkaulemba ndi mawu okhaokha, "apereka", "sanapereke". Ndani ankawerenga? Anthu ankangodutsa. Ndinkayenda khomo ndi khomo pa njinga, ena kundibisalira m'nyumba ana n'kumati atuluka pomwe nsapato zili pakhomo. Feteleza tinakatenga mvula itagwa kale, wokulitsa tinathira mochedwa, nonse mukukumbukira mmene chimanga chinaonekera. Pa zopereka za mbewu ya soya ndinayesa kuyika ✅ ndi ❌, ndalama inakwana sabata isanathe. Anthu amaopa kofiirako. Ine sindisangalala kuchititsa munthu manyazi, koma ndalama ikapanda kukwana amene mumamunena ndi ine.

Bambo a Yamikani: Apa asisi akunena zoona. Ine ndemwe kandigwira mtima, mawa m'mawa nditumiza pa foni.

Aphunzitsi: Kuti kamagwira ntchito sindikukana, mwanangu. Chikwapunso chinkagwira ntchito m'kalasi. Funso ndi lakuti wagwiritsa pa yani, ndipo liti. Amene wanena tsiku lake ndipo tsikulo lisanafike, sangafanane ndi amene akukubisalira m'nyumba. Iwe wawaika m'thumba limodzi.

Mlembi: Nanga amene wapereka theka timuyika chiyani? Chifukwa alipo awiri m'kope mwanga apereka K7,500. ✅ ayi, ❌ ayinso.

Make Tadala: Ndi amene anakagwira ganyu yokweza matumba m'malo mwa ndalama chaka chatha? Tizithunzi tiwiri sitingakwanire anthu onsewa.

Wapampando: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Poyamba, aPhiri, pepani m'dzina la komiti. Inu ndi mmodzi wa amene anayambitsa kalabu ino, palibe angakuchotseni pa foni. Msungichuma nayenso tisamudzudzule mopitirira, ntchito yotolera ndalama za anthu ndi yowawa ndipo salandira kanthu.

Mlembi: Wapampando, poti mwabwera, nkhani ya msonkhano wa mwezi wa June ija ndiinene kapena muinena nokha? kkkk

Wapampando: Nenani, ndinu alembi.

Mlembi: Ndinalemba pano kuti msonkhano uliko Loweruka 2 koloko ku sukulu. Wapampando anayika ❌ pansi pa uthengawo. Iwo ankatanthauza kuti sakhalapo, akupita ku chipatala ndi mayi a kunyumba. Koma poti wayika ndi wapampando, anthu anamva kuti msonkhano walephereka. Ine ndinafika ndi kope langa, ndinapeza Nangozo ndi aphunzitsi basi, titakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka 4 koloko. Alangizi amene tinawaitana kudzatiphunzitsa za kasungidwe ka mtedza anabwera pa njinga yamoto, mafuta awoawo, n'kubwerera.

Nangozo: Tsiku limenelo ndinasiya nyemba pamoto.

Achimwene a ku Joni: Ndiye vuto lake limenelo. Ka ❌ kamodzi kakhoza kutanthauza "sindibwera", "sindikugwirizana nazo", "zalephereka", "zimenezo ndi zabodza", "katundu watha". Kuno ogulitsa zovala pa WhatsApp akayika ❌ pa chithunzi cha nsapato ndiye kuti yagulidwa kale. Wina amayika pa uthenga wabodza wa ntchito kuchenjeza anzake kuti asatumize ndalama. Zonsezo kachizindikiro kamodzi.

Wa mafoni pa msika: Ndipo zoyika kachithunzi pansi pa uthenga wa munthu zinabwera mu 2022. Poyamba WhatsApp inangolola 6 tokha, 👍 ❤️ 😂 😮 😢 🙏, kenako chaka chomwecho anatsegula kuti uziyika kalikonse. Pa toyamba paja panalibe kokana ngakhale kamodzi. Chisokonezo chinayamba atatsegula, chifukwa kachithunzi kamakhala pansi pa uthenga popanda liwu lililonse lokaperekeza.
Pa nkhani ngati ya msonkhano pali njira yabwino. Dinani pamene mumadina potumiza chithunzi, musankhe Poll. Mulemba funso, pansi mayankho, "ndibwera", "sindibwera". Aliyense adina lake, ndipo zimaoneka kuti wadina ndani. Palibe kuganizirana.

Mlembi: Mudzandionetse Lachinayi ndikabwera ku msika.

Make Tadala: Palinso china asisi. Mndandanda uja wa soya munautumizanso pa meseji wamba kwa amene alibe WhatsApp eti? Apongozi anga ali ndi kafoni ka mabatani. Anandiitana kuti ndiwawerengere, ndinapeza dzina lililonse lili ndi kabokosi kopanda kanthu kumapeto. Wopereka kabokosi, wosapereka kabokosi. Iwo anali atapereka kale koma usiku umenewo sanagone.

Wa mafoni pa msika: Eya, timafoni tambiri ta mabatani sititha kuonetsa tizithunzi timeneti, timangoika kabokosi kapena chizindikiro cha funso. Pa meseji wamba lembani mawu basi. Komanso kachithunzi kakalowa mu meseji wamba, malo a zilembo amachepa kuchoka pa 160 kufika pa 70, ndiye uthenga umodzi umaduka pawiri kapena patatu, mayunitsi n'kumapita.

Msungichuma: Ooo, n'chifukwa chake mayunitsi ankangotha.

aPhiri a ku Chinkhoma: Mwaona tsono. Kakudyeraninso ndalama.

Bambo a Yamikani: kkkkk madala abwezera

Nangozo: Ine maganizo anga ndi awa. Pa zinthu kagwiritseni ntchito, palibe vuto. "Urea ✅, NPK ❌" aliyense amva kuti NPK kulibe ku depoti, ndipo thumba la feteleza silichita manyazi. Ngakhale ku sikelo timapachika mapepala a zoyenera ndi zosayenera, kugona m'masikito chochonga, kumwa madzi a pachitsime chosatetezedwa chokhwatcha, amayi amamva msanga ngakhale osadziwa kuwerenga. Koma pa dzina la munthu pagulu, ayi.

Achimwene a ku Joni: Nanga akadutsa Lachisanu osapereka, osanenanso chilichonse? Tizingomunyengerera? Ena tikutumiza ndalama kuchokera kutali, tikudulidwanso potumiza, pomwe wina ali pompo akungokhala chete.

Aphunzitsi: Ameneyo komiti imuyendere, malamulo a kalabu alipo, chindapusa chilipo. Kumukhwatcha pagulu kumakometsa mtima wa amene apereka, koma simudziwa chimene chagwa m'nyumba mwake sabata imeneyo. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Chaka cha njala chija ndi angati pano akanakhala ndi ✅?

Achimwene a ku Joni: Pamenepo sindikugwirizana nanu kwenikweni aphunzitsi. Ndalama ya gulu imafuna poyera. Zikayamba kukambidwa kumbali, mawa mudzamva kuti msungichuma akukondera abale ake. Tsiku likadutsa, dzina lioneke, kaya ndi chizindikiro chanji.

Msungichuma: Zikomo achimwene. Chimene ndimaopa ine n'chimenecho.

Make Tadala: Kuoneka lioneke, koma ndi mawu. "Sanapereke, tsiku ladutsa." Amene akufuna kuyankha ayankhe. Mawu umatha kuwayankha, nanga kofiira kaja ungakayankhe chiyani?

Wapampando: Chabwino, tamvana mokwanira. Tichite chonchi kufikira msonkhano ukubwerawu, kumeneko tikavomereze kapena kusintha. Amene wapereka zonse, ✅. Amene wapereka theka, palembedwe ndalama imene wapereka. Amene sanapereke tsiku lisanakwane, pasakhale chilichonse, kapena aka ⏳ ngati msungichuma akufuna kachithunzi. Tsiku likadutsa, dzina lilembedwe pagulu ndi mawu monga anenera Make Tadala, komiti itayamba yamuimbira munthuyo. Nkhani ya achimwene a ku Joni yoti tikhwimitse chindapusa tikaikambe pamaso.

Msungichuma: Ndamva. Ndayesa kukonza uthenga uja koma ikukana.

Wa mafoni pa msika: Kukonza imalola mphindi 15 zokha chitumizireni. Panopa ufufuteni, musankhe kufufutira aliyense, mutumize wina.

Msungichuma: Ndafufuta. Watsopano nditumiza madzulo pamodzi ndi mayina otsala. aPhiri ndakuikani ⏳, Lachinayi.

aPhiri a ku Chinkhoma: Kameneko ndi kachiyaninso? Kakuoneka ngati mtondo.

Wa mafoni pa msika: Ndi kagalasi ka mchenga koyezera nthawi madala. Mchenga ukutsikabe, ndiye kuti nthawi ikadalipo.

aPhiri a ku Chinkhoma: Chabwino. Koma mtedza ukakhala wotsika mtengo Lachinayi sindigulitsa, ndidikira mavenda a Loweruka. Ndanena pano pagulu kuti mumve nonse.

Msungichuma: Bambo, Loweruka ndi tsiku la mwini lole.

aPhiri a ku Chinkhoma: Theka ndipeza. Mkamwini alipo.

Make Tadala: kkkkk mkamwini watuluka pa intaneti pompano

Wapampando: Zimenezo mukambirane kubanja. Msonkhano uliko Loweruka lino 8 koloko m'mawa ku sukulu, tisanapite kukakumana ndi mwini lole. Bwerani ndi makope anu a umembala. Amene sabwera alembe ndi mawu.

Bambo a Yamikani: ❌

Mlembi: Bambo a Yamikani!

Bambo a Yamikani: Kutanthauza kuti ine ndekha sindibwera, msonkhano ulipo, ndili ndi chinkhoswe cha mphwanga ku Nkhamenya. Mayi a Yamikani adzandiimirira, ndalama abweretsa ndi iwo ngati netiweki ivute mawa.

Mlembi: Ndalemba. Wina amene sabwera?